Bola Yasamukira M'foni: Ndani Alipira, Ndani Atsalira?

Masiku ano mu Libala cigoli cimodzi cimafika katatu. Coyamba cimamveka pa kawailesi ka mlonda, kapena cimalira ngati uthenga pa foni za anyamata a beti. Pakapita masekondi ocepa, phokoso libuka pa bala pamene pali dishi ndi jenseti. Ndiye pambuyo pake, mwina patapita theka la mphindi, mwina mphindi yathunthu, mumva mnyamata akukuwa yekha pa kantemba, maso ali pa foni, kukondwerera cigoli cimene anzake anakondwerera kale.

Inu amene mumakwera basi ya ku Libala, Kabwata kapena Chilenje pa Ciwelu masana, izi mwaziona. Ku mpando wakumbuyo kumakhala anthu anayi, mitu itagundana pa sikilini yaing'ono ngati cikhatho. Kondakita aitanitsa ndalama, palibe womuyankha. Basi ikafika pamalo pamene network imavuta, cithunzi ciima, kabwalo kaja kayamba kuzungulira, ndipo ngakhale amai amene anali cete ndi katundu wao pamiyendo atembenuka kufunsa ngati calowa.

Bola imene kwa zaka zambiri inali kukhala pa TV ya m'nyumba manje ili m'thumba. Makampani amati uku ndi kumasuka: tamba kulikonse kumene uli. Zoona, kumasuka kulipo. Koma ndayenda masabata angapo mu Libala, Kabwata, Woodlands mpaka ku Chelstone kuona mmene anthu atambira bola, ndipo cimene ndapeza ndi ici: mtengo sunatsike, wangodulidwa tizidutswa. Wa ndalama zocepa ndi amene alipira kwambiri pa gemu imodzi, ndiponso ndi amene aona cigoli pothera.

Kumene tinacokera

TV inayamba m'dziko lino mu 1961 ku Kitwe, koma kwa zaka zambiri bola ya anthu wamba inali ya pa wailesi. Funsani amdala aliyense wa mu Libala Stage 1, adzakuuzani za Dennis Liwewe, amene mau ake anali kucititsa munthu kuona bwalo lonse ali khale pa khonde. A Liwewe anamwalira mu April 2014. M'masiku ao, TV inali imodzi pa mseu wonse, chanelo inalinso imodzi, ndipo mwini nyumba anali kudziwa kuti tsiku la gemu khomo silitsekedwa.

MultiChoice inafika mu Zambia mu 1994 mogwirizana ndi ZNBC, ndipo madishi a DStv anayamba kuoneka pa madenga a ku mayadi, ku Kabulonga ndi ku Woodlands. Ife a m'makomboni ndi a m'nyumba za kanselo tinali kutambira bola ya ku England pa mawindo a mabala. Mu 2011 kunabwera GOtv, ndipo Zambia ndi dziko loyamba kumene inayambira. Kadikoda kochipa kaja kanalowa m'nyumba zambiri. Mu October 2017 boma linazimitsa njira yakale ya analog m'matauni a m'mbali mwa njanji, TopStar, kampani ya ZNBC ndi StarTimes ya ku China, inatenga nchito yofalitsa machanelo, ndipo aliyense anafunika dikoda. Msonkho wa TV nawo unacoka pa K3 kufika pa K5 pamwezi.

Zonsezi zinali kusintha, koma cinthu cimodzi cinali cikhalire: sikilini imodzi, anthu ambiri. Pa 12 February 2012 ndinali mwana wa sukulu. Tinadzaza cipinda cocezera ca aneba athu, ana pansi, akuluakulu pa mipando, ena pa windo. Pamene Stoppila Sunzu anamenya penati yomaliza ku Libreville ndi kutipatsa cikho ca Africa, 8 kwa 7 pamaso pa Ivory Coast, Libala yonse inakuwa pa sekondi imodzi, kucokera ku Stage 1 mpaka ku Stage 4. Palibe amene anafunsidwa kuti ali ndi bundle ya zingati.

Malaiti ndi amene anatikankha

Anthu ena amaganiza kuti acinyamata anathawira ku foni cifukwa cokonda zinthu zatsopano. Mu Lusaka nkhani si imeneyo yokha. Cimene cinakankha anthu ambiri ndi malaiti.

Pa 29 February 2024, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ca caka cimeneco ndi tsoka la dziko lonse. Madzi a ku Kariba anatsika, ndipo pofika September nyumba zambiri zinali kulandira malaiti maola atatu cabe patsiku, nthawi zina pakati pa usiku. Dikoda ndi TV zifuna malaiti. Koma mwezi umene walipira pa dikoda umayendabe, malaiti akhalepo kapena ayi. Munthu anali kulipira masiku 30 ndi kutamba gemu imodzi kapena ziwiri. Ambiri anangoti, "Manje nilipilila cani?" Mu November 2024 MultiChoice yomwe inauza eni masheya ake kuti pakati pa April ndi September inataya makasitomala pafupifupi 298,000 mu Zambia mokha, ndipo inachula vuto la malaiti.

Anthu amenewa sanaleke kukonda bola. Foni ungaichaje ku nchito, pa buthi ya mobile money, pa power bank, kapena pa kasola kaang'ono kogula ku Kamwala. Ogulitsa mafoni mu Katondo Street adziwa kuti funso loyamba la kasitomala masiku ano ndi la batire ndi kukula kwa sikilini, kamera ibwera pambuyo.

Makampani naonso anali atakonzeka kale. MTN inayambitsa 5G mu November 2022, Starlink inafika mu October 2023, ndipo mu February 2024 Showmax, ya MultiChoice yomweyo, inatulutsa phukusi la Premier League la pa foni pokha, lopanda dishi kapena dikoda. Cilala cinangofulumizitsa ulendo umene unali utayamba.

Si kuno kokha

Kusamuka kumeneku kunayambira kutali. Mu December 2019 Amazon inayamba kuonetsa magemu ena a Premier League ku Britain kudzera pa intaneti. Mu 2022 FIFA inatsegula FIFA+, yaulere. Mu 2023 Apple inatenga ligi ya amuna ya ku America kwa zaka 10. Mu November 2024 Netflix inaonetsa nkhonya za Mike Tyson ndi Jake Paul, ndipo ngakhale ku America, kumene intaneti ndi yamphamvu, anthu ambiri anadandaula kuti cithunzi cinali kuima. Mu 2025 DAZN inaonetsa FIFA Club World Cup kwaulere pa intaneti, ligi ya ku France inatsegula njira yakeyake yochedwa Ligue 1+, ndipo mu September kampani ya ku France ya Canal+ inatenga ulamuliro wa MultiChoice.

Cifukwa cake n'cosavuta kumva. Gemu ndi katundu. Eni ligi amagulitsa cilolezo coulutsa kwa amene wapereka ndalama zambiri, ndipo malonda amenewa amacitika m'madola kapena m'mapaundi. Kale ogula anali makampani a TV okha. Lomba makampani a intaneti alowa pa msika, ndipo ligi iliyonse ikhoza kugwera kwa wogula wina. Kwacha ikagwa, mtengo wa bola kuno ukwera, ngakhale kuti osewera ndi omwewo.

Zimatikhudza kwambiri cifukwa ana athu amwazikana. Patson Daka anapita ku Leicester City mu 2021, Fashion Sakala anapita ku Al-Fayha ku Saudi Arabia mu 2023, Racheal Kundananji anapita ku Bay FC mu February 2024 pa mtengo umene panthawiyo unaposa wa mkazi wosewera bola aliyense padziko, ndipo Barbra Banda ali ku Orlando Pride. Ku America komweko, magemu a ligi ya akazi anagawidwa pakati pa CBS, ESPN, Prime Video ndi ION. Pa 23 November 2024 Barbra anagoletsa cigoli cimene cinapatsa Orlando cikho, 1 kwa 0 pamaso pa Washington Spirit. Kuno kunali usiku wa mbandakuca. Ambiri a ife tinaciona m'mawa wa pa Sondo, kakanema ka masekondi ocepa kotumizirana pa WhatsApp ndi pa Facebook. Kuti utsatire osewera anayi a dziko limodzi, ufunika makomo angapo, ndipo khomo lililonse lili ndi mlonda wake.

Masamu a bundle

Apa ndi pamene pagona nkhani. Pa dikoda umalipira kamodzi: mwezi ukalipidwa, TV ikhoza kuyaka tsiku lonse, ndipo atambe anthu awiri kapena 20, mtengo ndi umodzi. Pa foni umalipira kawiri. Coyamba ulipira kampani yoonetsa gemu, caciwiri ulipira kampani ya network. Ngakhale gemu imene ilembedwa kuti ndi yaulere imadya bundle.

Tiyeni tiwerenge. Gemu imodzi, kuphatikiza nthawi yopuma ndi mphindi zoonjezera, imatenga pafupifupi maola awiri. Pa cithunzi capakati ingadye pafupifupi 1GB. Pa HD ingafike 3GB kapena kupitirira. Timu ya mu Premier League imasewera magemu 38 pa sizoni, kutanthauza anayi pamwezi, osawerengera makapu ndi magemu a pakati pa sabata. Ndiye kuti wotsatira timu imodzi cabe afunika pakati pa 4GB ndi 12GB pamwezi za bola yokha, WhatsApp ndi Facebook zisanadyeko.

Tsono onani kusiyana. Wa ku Kabulonga ali ndi intaneti ya pamwezi yopanda malire, inverter ndi masola padenga, ndi TV yaikulu yolumikiza ku intaneti. Kwa iye gemu ina yoonjezera ilibe mtengo. Wogulitsa salaula kapena kondakita sangathe kugula bundle yaikulu ya pamwezi nthawi imodzi. Amagula ya tsiku, kapena ya maola, malinga ndi zimene wapeza tsikulo. Ndipo monga mmene pamela ya unga imadulira kuposa thumba la 25kg ukawerenga pa kilo, bundle yaing'ono nayo kawirikawiri imadula kuposa yaikulu ukawerenga pa MB. Mau akuti "bundle yasila" pa mphindi ya 80 samveka ku mayadi.

Nanga kucedwa kuja kumabwera bwanji? Wailesi ndi dishi zimaponya uthenga umodzi kwa anthu onse nthawi imodzi, ngati mvula. Pa intaneti, kanema amadulidwa tizidutswa ta masekondi angapo, ndipo foni iliyonse imapempha tizidutswa take payokha. Foni imayamba yasunga tizidutswa tingapo isanayambe kuonetsa, kuti network ikagwedezeka cithunzi cisaime. Kusunga kumeneko ndi kumene kumakuika kumbuyo kwa anzako. Ndipo anthu ambiri akakhala pa nsanja imodzi ya network, monga pa Kulima Tower nthawi yokomboka, onse amagawana njira imodzi yopapatiza. Gemu ikakhala yaikulu, otamba aculuka, cithunzi ciipa. Pa TV yakale zinali zosiyana: kuculuka kwa otamba sikunali kucepetsa kanthu.

Malinki aulere ndi mashopu a beti

Munthu akalephera pa khomo, amafuna windo. Pa Ciwelu m'mawa magulu a WhatsApp ndi Telegram amadzaza ndi funso limodzi: ndani ali ndi linki? Malinki amenewa ndi akuba, ndipo lamulo la dziko lino la 1994 loteteza eni nchito zoulutsidwa silimawalola. Koma ngakhale tisiye za lamulo, nsomba imafera nyambo. Ukadina linki, patseguka masamba asanu a malonda, ena akuuza kuti wawina, ena akuuza kuti uike app ina kuti cithunzi cioneke. Foni imeneyo ndi yomwenso muli mobile money yako, ndalama za lendi ndi za sukulu ya ana. Amene amakonza malinki amenewa sali pa nchito yacifundo.

Windo lina ndi shopu ya beti. Yendani mu Chilimbulu Road kapena mu Burma Road madzulo, mudzaona kumene kuli kuwala malaiti akayenda. Muli ma TV pa cipupa, jenseti kunja, ndipo pakhomo salipiritsa. Kwa anyamata ambiri, cipinda cocezera ca aneba cija calowedwa m'malo ndi shopu ya beti. Koma munthu sakhala maola awiri m'shopu yotere ndalama zili m'thumba osayesako mwayi. Gemu yaulere ija imatha kudya ndalama ya basi ya sabata yonse.

Ndipo ganizirani amene sangalowemo. Mwana wosafika zaka 18 saloledwa m'shopu ya beti, ndipo pa bala si malo ake. Amai ambiri salowa m'malo amenewa. Agogo sangathe kuyang'ana kasikilini kaang'ono kwa mphindi 90. Awa ndi anthu amene kale anali kukhala patsogolo penipeni pa TV ya m'nyumba. Foni ili m'manja mwa atate kapena mwa mkulu wao, ndipo mwini foni akacoka, bola yacoka naye. Kamtsikana ka mu Libala kamene kakanakhala Barbra wina kafunika kuona bola yathunthu, mmene osewera amathamangira pamene alibe mpira, osati kakanema ka masekondi 15 cabe.

Ubwino ulipo

Tisanamizane, intaneti yabweretsanso zabwino zimene TV sinatipatse. Chanelo ya TV imasankha gemu imodzi kapena ziwiri pa sabata, ndipo nthawi zonse imasankha matimu aakulu. Timu yaing'ono inali kutha sizoni yonse osaoneka pa sikilini. Lomba foni imodzi yoikidwa pa kamtengo ka miyendo itatu ikhoza kuulutsa gemu pa Facebook. Wokonda City of Lusaka amene anasamukira ku Chipata kapena ku Johannesburg akhoza kuona zocitika pa Woodlands Stadium. Matimu a akazi, a acinyamata ndi a m'maligi apansi, amene kale kamera siinali kuwafikira, lomba ali ndi poonekera. Mnyamata wa mu komboni akamenya cigoli cokongola, pofika madzulo anthu masauzande aciona.

Ndaonanso anthu akupeza njira zao. Pa shopu ina yometera ku Kabwata, anyamata amasonkha ndalama, agula bundle imodzi yaikulu, ndi kulumikiza foni ku TV yoyendera batire. Ku Chelstone ndinapeza banja limene linagwirizana ndi nyumba ina ya pa yadi yomweyo kuti azigawana intaneti imodzi ndi kulipira theka theka. Mutu umodzi susenza denga. Anthu akubwezera okha cimene foni inawalanda, kutamba pamodzi.

Koma kuulutsa pa Facebook sikulipira osewera. Ndalama zimene ligi imapeza pogulitsa cilolezo ku kampani ya TV ndi zimene zimathandiza matimu kuyenda ulendo wa ku Kitwe kapena ku Solwezi. Ngati tonse tidzazolowera kutamba kwaulere, ligi yathu idzaoneka kwambiri koma idzakhala ndi njala.

Nanga Chipolopolo?

Arsenal ndi Manchester United ndi zosangalatsa, munthu akhoza kusankha kulipira kapena kuleka. Timu ya dziko ndi nkhani ina. Kumbukirani January 2024. Cilolezo coulutsa AFCON ya ku Ivory Coast m'maiko athu ano cinali m'manja mwa New World TV, kampani ya ku Togo. SuperSport inalengeza kuti siidzaonetsa mpikisanowo, ndipo mgwirizano unapezeka patangotsala masiku ocepa. Zinaonetsa kuti zakuti tidzatamba timu yathu kapena ayi zimagamulidwa m'maofesi a kutali, ndi anthu amene sadziwa kumene kuli Libala.

Maiko ena anaona vuto limeneli kale. Ku Britain, lamulo la 1996 lili ndi mndandanda wa masewera, monga World Cup, Olympics ndi fainolo ya FA Cup, amene ayenera kupezeka pa TV yosalipiritsa. Ku South Africa, bungwe la ICASA lili ndi malamulo ofanana a masewera okhudza dziko lonse. Mfundo yake ndi yakuti pali magemu ena amene si katundu wa olemera okha. Ife amene timalipira msonkho wa TV tili ndi ufulu wofunsa aphungu athu, IBA, FAZ ndi ZNBC funso limodzi: bola ikamasamukira ku intaneti, ndani adzaonetsetsa kuti gemu ya Chipolopolo ndi ya Copper Queens ifika kwa agogo a ku Libala South amene alibe foni ya sikilini, ndiponso kwa mwana wa ku mudzi kumene network imapezeka pa culu?

AFCON ya ku Morocco inayamba pa 21 December 2025, ndipo Zambia inali mu gulu A pamodzi ndi Morocco, Mali ndi Comoros. Inali nthawi ya mvula, ya Krisimasi, ndiponso ya kusunga ndalama za mayunifomu a January. Ngati mudzatambira pa foni, tsitsani cithunzi kufika pa 480p kapena 360p, pa sikilini yaing'ono simudzaona kusiyana kwenikweni koma bundle idzakhalitsa. Sonkhani ndi anzanu mugule yaikulu imodzi m'malo mwa ting'onoting'ono tisanu. Zimitsani mauthenga a zigoli kuti asakuuzeni nkhani musanaione. Linki iliyonse imene ikupemphani PIN kapena kuika app yosadziwika, itsekeni pomwepo. Mabatire a kawailesi akhale pafupi, cifukwa wailesi siizungulira kabwalo.

Ndipo inu a boss amene muli ndi dishi, inverter kapena intaneti ya pamwezi, tsiku la Chipolopolo kokerani TV pa khonde ndi kutsegula geti. Ana a pa mseu wanu adzakhala pansi mwakacetecete, monga mmene inu munali kukhalira pa nyumba ya munthu wina.